Laputopu ikakana kuyaka, musathamangire kufomata

Pali mawu amodzi amene amatuluka msanga pakamwa pathu laputopu ikavuta: "Ingoifomatani." Mwadina batani loyatsira, sikirini yada bii, pakona pakungooneka timalemba toyera toti grub rescue, kapena uthenga woti kompyuta sikupeza poyambira. Mnzanu wa m'chipinda akuti yafa. Wina akuti yalowa vairasi. Mawa lake laputopu ili m'chikwama ulendo kwa okonza, madzulo ikubwerako ikuyaka bwinobwino koma m'kati muli mbee. Manotsi a zaka zitatu, machaputala a kafukufuku, zithunzi za ukwati wa achemwali, zonse zapita. Mwachita kulipira ndalama kuti akutayireni katundu wanu.

Vutoli limakonda kugwera anzathu amene anaika masisitimu awiri pa laputopu imodzi, Windows ndi Linux. Maganizo anga ndi akuti nthawi zambiri laputopu yotere imakhala isanafe, ndipo mafayilo amakhala ali pomwe mwini anawasiya. Chimene chimasokonekera ndi kapulogalamu kakang'ono koyambitsa sisitimu, kamene amakatcha bootloader. Aliyense amene wasankha kukhala ndi masisitimu awiri ayenera kukadziwa kapulogalamu kameneka monga momwe amadziwira pamene amasunga kiyi wa chipinda chake. Amene sakufuna kukaphunzira, ndi bwino akhale ndi sisitimu imodzi.

Ife a ku Balaka ndi ku Machinga sitingavutike kumvetsa ntchito ya bootloader, chifukwa tili ndi mphambano ya njanji ya Nkaya. Pa Nkaya njanji yochokera ku Blantyre imapitirira kumpoto kudzera ku Balaka mpaka ku Salima, ina imapatukira kum'mawa kudzera ku Liwonde ndi ku Nayuchi mpaka kudoko la Nacala ku Mozambique, ndipo palinso yochokera ku Moatize imene mumadutsa sitima za malasha. Sitima ikafika pamenepo sidzisankhira yokha kolowera. Pali zitsulo zosinthira njanji zimene zimailozera njira. Zitsulozo zikakanirira, sitima imaima. Koma palibe munthu wanzeru amene angauze anthu kuti atsitse katundu yense m'mabogi n'kumutentha poti zitsulo zakanirira. Amaitana amisiri, amakonza, ulendo n'kupitirira. Bootloader ndiye zitsulo zosinthira njanjizo. Kufomata diski chifukwa cha bootloader n'chimodzimodzi kutentha katundu wa m'mabogi.

Tiyeni tione zimene zimachitika m'masekondi ochepa aja, kuchokera pamene mwadina batani kufikira pamene chizindikiro cha Windows kapena cha Ubuntu chikuonekera. Choyamba kudzuka ndi pulogalamu imene inaikidwa kufakitale m'kachipangizo ka m'kati mwa kompyuta, osati pa diski. Pa makompyuta akale pulogalamuyi ndi BIOS, pa atsopano ndi UEFI. Ntchito yake n'kuona ngati zipangizo zili bwino, kenako n'kufunafuna woti imupatsire ulamuliro. BIOS imapita koyambirira kwenikweni kwa diski, pa kagawo ka mabayiti 512 kotchedwa MBR. Mwa mabayiti amenewa, 446 okha ndiwo amasunga malangizo oyambitsira, pamene 64 amasunga ndandanda ya zigawo za diski. Malo ake ndi ochepa moti mumakwana mwini mmodzi basi. Sisitimu imene yaikidwa pomalizira ndiyo imalembapo zake, n'kufafaniza za mnzake.

UEFI inabwera ndi dongosolo lina. Pa diski pamadulidwa kachigawo kapadera kotchedwa EFI System Partition, kamene nthawi zambiri Windows imakapatsa 100 MB kapena kuposerapo pang'ono. M'kachigawoka sisitimu iliyonse imakhala ndi foda yakeyake: ya Microsoft payokha, ya Ubuntu payokha. Kompyuta imasunga mndandanda wa amene ayambe kuitanidwa. Apa Windows ikadziika patsogolo pa mndandandawo, Linux imaoneka ngati yasowa, chikhalirecho foda yake ili pompo. Kuibweza n'kungosintha mndandanda, ntchito yosatha ndi mphindi zisanu zomwe.

Kumbali ya Windows, woyambitsa ndi Windows Boot Manager, amene anayamba ndi Windows Vista kulowa m'malo mwa NTLDR ya nthawi ya XP. Kumbali ya Linux wodziwika kwambiri ndi GRUB, amene anayambitsidwa ndi Erich Boleyn mu 1995 ndipo mu 1999 analowa m'manja mwa gulu la GNU. Kusiyana kwawo n'kofunika kukudziwa. GRUB amatha kuona kuti pa diski palinso Windows n'kukuikirani pa ndandanda kuti musankhe. Windows ikamaikidwa sifufuza za Linux, imangodzikonzera njira yake. N'chifukwa chake odziwa amalangiza kuti muyambe kuika Windows, Linux ibwere pambuyo. Mukatembenuza, kapena mukaikanso Windows patapita nthawi, ndandanda ya GRUB ija imazimiririka, ndipo ambiri amaganiza kuti Linux yafufutika pamodzi ndi zonse zinali m'menemo.

Mwina wina afunsa kuti kuvutika konseku n'kwa chiyani. Zifukwa zilipo, ndipo si zachibwana. Wophunzira amafuna Windows chifukwa aphunzitsi ambiri amatumiza ntchito ya mu Word ndi Excel, ndipo mapulogalamu ena owerengetsera ndalama amene akawapeze ku ntchito amayenda pa Windows. Wophunzira yemweyo, ngati akuchita za makompyuta, sangathawe Linux, popeza maseva ambiri amene amanyamula intaneti amayendera Linux, ndipo ngakhale foni ya Android ili m'thumba mwake maziko ake ndi Linux. Sisitimuyi, imene Linus Torvalds anaiyamba mu 1991 ali wophunzira ku Helsinki, ndi yaulere. Mtundu wake wotchuka wa Ubuntu unatuluka koyamba mu Okutobala 2004 motsogozedwa ndi Mark Shuttleworth wa ku South Africa, ndipo dzinalo ndi mawu a Chizulu ndi Chixhosa ofanana ndi umunthu wathu uja.

Chifukwa china ndi cha m'thumba. Ambiri mwa ife tili ndi malaputopu akale, ogula kwa munthu kapena otumiziridwa ndi achibale a ku Joni. Pa 14 Okutobala 2025 Microsoft inasiya kutumiza zigamba zachitetezo za Windows 10, kupatula kwa amene analowa m'ndondomeko yapadera yoonjezera nthawi. Windows 11 nayo ili ndi zofuna zake: kachipangizo kachitetezo ka TPM 2.0, UEFI yokhoza Secure Boot, ndi purosesa yatsopanoko, imene kumbali ya Intel kwenikweni imayambira pa m'badwo wa 8. Laputopu yamphamvu ndithu, imene ikanatha kumufikitsa mwini wake kumapeto a maphunziro, ikhoza kukanidwa. Mwana wa mlimi wa thonje wa ku Utale kapena ku Phalula sangangodzuka n'kukagula ina. Kuika Linux pambali pa Windows yakaleyo, n'kumalowera ku Linux pochita za pa intaneti, ndi njira imodzi yotalikitsira moyo wa makinawo.

Otsutsa ali ndi mfundo yawo, ndipo ndi yomveka. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa. Diski ya 256 GB mukaigawa pawiri, mbali zonse zimapanikizika. Fayilo imene mukuifuna imapezeka ili mbali inayo, ndiye muzimitse kaye n'kuyatsanso. Akuti palinso njira zina zosafuna kukhudza bootloader: VirtualBox, imene imayendetsa Linux m'kawindo m'kati mwa Windows, kapena WSL ya Microsoft yomwe, imene imakupatsani malamulo a Linux muli mu Windows momwemo. Ndikuvomereza kuti kwa wophunzira za unamwino, zauphunzitsi kapena zamalonda amene akungofuna kulemba ndi kuwerenga, sisitimu imodzi yosamalidwa bwino ndi yokwanira. Kuika yachiwiri pongofuna kuti anzanu aone ndandanda yachilendo laputopu ikamayaka, ndi zija za ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Koma njira zinazo zimafuna makina onona. Laputopu ya 4 GB ya RAM ikanyamula Windows, pamwamba pake n'kusenzanso Linux ya mu VirtualBox, imayenda ngati ngolo yodzadza matumba pamchenga, ndipo kotentha ngati kwathu ku Balaka mwezi wa Okutobala fani yake imalira mpaka kumvetsa chisoni. Masisitimu awiri oikidwa payekhapayekha alibe vuto limeneli, chifukwa imene mwayatsa ndiyo imatenga mphamvu zonse za makina. Komanso amene akufuna kudzagwira ntchito yosamalira makompyuta a chipatala, banki kapena sukulu sangaphunzire kukonza zoyambitsira kompyuta popanda kuzigwira ndi manja. Choncho mapanga awiri amavumbwitsa munthu amene sadziwa njira ya pakati pa mapangawo. Woidziwa amabisala kumene kwamuyandikira.

Nanga zimene zimasokoneza bootloader n'zotani? Choyamba ndatchula kale, kuikanso Windows. Chachiwiri ndi kufufuta chigawo cha Linux muli mu Windows pofuna malo. GRUB amasunga mafayilo ake ambiri m'chigawo chimenecho, ndiye mukachichotsa, kompyuta ikayaka imaitana GRUB, iye n'kupeza nyumba yake palibe, n'kungokuonetsani grub rescue. Windows yanu imakhala ili bwinobwino, kungoti palibe woilozera njira. Chachitatu ndi kusakaniza njira ziwiri zija: Windows inaikidwa mwa UEFI, wina n'kubwera kudzaika Linux mwa njira yakale ya BIOS, imene pa ndandanda amailemba kuti Legacy. Zikatero awiriwa saonana, ndipo GRUB sangakutsegulireni Windows. Musanaike chilichonse, tsegulani msinfo32 mu Windows, muone pamzere wa BIOS Mode ngati palembedwa UEFI kapena Legacy, ndipo fulashi yanu muiyatse mwa njira yomweyo.

Zina zimachokera kutali, kwa eni mapulogalamu. Kuyambira pa GRUB 2.06, amene anatuluka mu 2021, kachida kofufuzira masisitimu ena kotchedwa os-prober kanayamba kubwera kali kozimitsa pa zifukwa zachitetezo. Pa mitundu ina ya Linux anthu anangoona Windows yasowa pa ndandanda. Mankhwala ake ndi mzere umodzi, GRUB_DISABLE_OS_PROBER=false, wolembedwa mu fayilo ya /etc/default/grub, kenako lamulo lopanganso ndandanda, limene pa Ubuntu ndi Linux Mint ndi sudo update-grub. Tangoganizani munthu kutaya kafukufuku wa chaka chathunthu pa vuto lotha ndi mzere umodzi.

Chitsanzo chachikulu ndi cha mu Ogasiti 2024. Microsoft inatumiza chigamba chotseka bootloader zakale za Linux zimene zinali ndi ziboo zachitetezo, ndipo inanena kuti chigambacho sichikhudza makompyuta okhala ndi masisitimu awiri. Koma njira yake yozindikirira makompyuta oterewo inaphonya pa ena, moti anthu m'mayiko osiyanasiyana anadzuka n'kupeza Linux ikukana kuyaka, pa sikirini pali uthenga wonena za SBAT. Palibe fayilo imene inafufutika. Odziwa anazimitsa kaye Secure Boot, n'kulowa mu Linux, n'kukonza. Microsoft inadzatulutsa chokonza chake mu Meyi 2025. Phunziro lake ndi lakuti laputopu ikhoza kukana kuyaka inu musanalakwitse kanthu, ndipo kukanako sikutanthauza kuti diski yawonongeka.

Nkhani ya Secure Boot ikufunika kuimvetsa pang'ono, chifukwa ikukhudza funso la mwini weniweni wa makina amene munagula ndi ndalama zanu. Dongosololi linafala ndi Windows 8 mu 2012. Cholinga chake n'chabwino: kompyuta isamayambitse pulogalamu iliyonse yosadziwika, kuopa mavairasi amene amabisala poyambira penipeni. Imalola zokhazo zimene zili ndi siginecha yodalirika. Koma makiyi amene amabwera m'malaputopu ambiri ndi a Microsoft, kotero kuti Ubuntu, Fedora ndi anzawo amadutsira pa kapulogalamu kotchedwa shim, kosainidwa ndi Microsoft, kuti GRUB aloledwe kuyamba. Sindikunena kuti tizingozimitsa Secure Boot chisawawa. Mu 2020 akatswiri anapeza chiboo chachikulu mwa GRUB chimene anachitcha BootHole, umboni woti chitetezo cha poyambira si nthabwala. Ndikunena kuti mwini laputopu azidziwa kuti pachipata pali mlonda, azidziwa amene anamulemba ntchito, ndi pamene angamupemphe kuti apatuke kaye.

Pali tinthu tina titatu timene timazunguza anthu mosafunikira. Koyamba ndi Fast Startup ya Windows. Mukadina kuti izime, Windows sizimiratu, imagona tulo tosunga zina pa diski kuti idzadzuke msanga. Mukalowa ku Linux, chigawo cha Windows chimakana kulembedwamo kanthu, nthawi zina kukana kutseguka kumene. Izimitseni Fast Startup mu Control Panel, pa zokhudza mphamvu ya magetsi, vutolo litha. Kachiwiri ndi wotchi. Linux imasunga nthawi ya UTC m'kati mwa makina, pamene Windows imayembekeza kupezamo nthawi ya kwanuko. Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola 2, ndiye mukachoka ku Linux kubwerera ku Windows wotchi ikhoza kutsalira ndi maola awiri. Si ufiti ndipo si vairasi, koma kwa munthu amene akuthamangira kutumiza ntchito isanakwane 12 koloko usiku, maola awiriwo ndi nkhani yaikulu. Lamulo limodzi la timedatectl ku Linux limagwirizanitsa mawotchiwa.

Kachitatu ndiye koopsa zenizeni, BitLocker. Iyi ndi njira imene Windows imakhomera diski yonse kuti wakuba asawerenge zili m'katimo, ndipo pa malaputopu ambiri atsopano imadziyatsa yokha mwini akalowa ndi akaunti ya Microsoft. Mukasintha za Secure Boot kapena za poyambira, BitLocker ikhoza kuganiza kuti kwabwera mbala, n'kufuna kiyi wa manambala 48. Kiyiyo amasungidwa mu akaunti ya Microsoft ya amene anayamba kuikonza laputopuyo. Ngati munagula kwa munthu osaikanso sisitimu, kapena mnzanu ndiye analowetsamo akaunti yake pokuthandizani, kiyi ali kwa iyeyo. Apa pokha ndiye mafayilo akhoza kutayikadi ngakhale diski ili yamoyo, chifukwa popanda kiyi palibe mmisiri wa ku Balaka, ku Liwonde kapena ku Blantyre amene angatsegule. Musanakhudze chilichonse, onani ngati BitLocker ndi yoyatsa, mupeze kiyiyo, mumulembe papepala n'kumusunga pamodzi ndi masatifiketi anu.

Tisaiwalenso magetsi. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130. Ngakhale masiku abwinobwino, magetsi amatha kuthima osatsanzika. Laputopu yakale batire lake nthawi zambiri limakhala lotha, moti chingwe chikangoleka kupereka moto nayo imazima pompo. Kuchepetsa chigawo cha diski, kuika sisitimu kapena kukonzanso UEFI ndi ntchito zosafuna kudukizidwa. Magetsi akathima diski ili pakati posunthidwa, pamenepo mafayilo akhoza kuonongekadi. Ntchito zoterezi muzichitira pamalo pamene pali sola, jenereta kapena batire lodalirika, osati usiku wa mvula ya mabingu, ndiponso osati sabata ya mayeso.

Tsono wophunzira wanzeru achite chiyani? Asanaike sisitimu yachiwiri, akopere mafayilo ake onse ofunika kwina: pa fulashi, pa diski yapadera, ndipo zolemba zazing'ono ngati machaputala a kafukufuku azitumize ku imelo yake kapena ku Google Drive. Chaputala cha mu Word sichidya bandulo yambiri. Chigawo cha Windows achichepetsere mu Windows momwemo, ndi Disk Management. Akafika pamene pulogalamu yoikira Linux ikufunsa kuti iike pati, awerenge mofatsa, chifukwa pa zosankhazo pali china chofufuta diski yonse, ndipo chimakhala moyandikana ndi choika pambali pa Windows. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Adziwenso batani lotsegulira ndandanda ya poyambira pa makina ake: pa HP kawirikawiri ndi F9, pa Dell ndi Lenovo ndi F12. Batani limeneli palokha limapulumutsa anthu ambiri, chifukwa limakulolani kusankha Windows Boot Manager kapena Ubuntu mwachindunji ngakhale mndandanda utasokonekera.

Chida chachikulu pa zonse ndi fulashi yoyatsira kompyuta. Fulashi imene munaikira Linux musaifufute kuti muikemo nyimbo ndi mafilimu. Ubuntu ndi Linux Mint zimatha kuyenda kuchokera pa fulashi popanda kukhudza diski. Tsiku limene laputopu yakana, ilowetseni, yatsani kuchokera pamenepo, tsegulani diski yanu. Mukaona mafoda anu ali phee, mtima ukhale m'malo: koperani zofunika kaye, kukonza kubwere pambuyo. Pokonza GRUB pali pulogalamu ya Boot-Repair, pokonza mndandanda wa UEFI pali efibootmgr, ndipo kumbali ya Windows pali Startup Repair ndi lamulo la bcdboot zimene zimapezeka pa fulashi yoikira Windows. Pulogalamu ya Ventoy imalola kusunga masisitimu angapo pa fulashi imodzi. Popeza fayilo ya Ubuntu masiku ano imaposa 5 GB, si nzeru kuti aliyense azidya bandulo yake ya Airtel kapena TNM kukopera chinthu chimodzimodzi. Fulashi imodzi ya 32 GB ikhoza kutumikira hositelo yonse.

Sindikunena kuti vuto lililonse ndi la bootloader. Diski imafa ndithu, makamaka zakale zozungulira zija zikagwa pansi kapena zikayamba kulira kuti tcheketcheke. Ngati UEFI kapena fulashi yoyatsira sikuiona n'komwe diski, nkhani ndi ina. Koma ngakhale pamenepo kufomata si mankhwala, ndipo kumangochepetsa mwayi wopulumutsa kanthu. Kusiyanitsa matenda awiriwa kumatenga mphindi khumi. Mphindi khumi zimenezo ndizo ndikupempha kuti tisamazidumphe.

Ndili ndi mawu kwa anzathu odziwa makompyuta, amene timawagogodera usiku m'mahositelo. Achimwene ndi achemwali, thandizo lanu timaliyamika, koma kuikira mnzanu Linux n'kumusiya osamuuza chilichonse n'kumutchera msampha. Tchuthi chikafika iye ali ku Ulongwe kapena ku Ntaja, inu muli ku Mzuzu, laputopu yakana, atani? Mukamuikira, mukhale naye pansi. Muonetseni zigawo za diski yake, kuti ichi ndi cha Windows, ichi ndi cha Linux, aka ndi ka EFI kosayenera kukhudzidwa. Muuzeni batani la ndandanda. Mumusiyire pasiwedi yake ndi kiyi wake wa BitLocker, ndipo musalowetse akaunti yanu m'makina a mwini. Inunso eni malaputopu, funsani. Safunsa anadya phula, ndipo palibe chamanyazi kunena kuti bwerezaninso sindinamve.

Kwa amisiri okonza makompyuta m'matauni mwathu, ndikudziwa kuti kufomata n'kwachangu, ndipo kasitomala amakondwa akaona makina ayaka. Ambiri a inu munaphunzira ntchitoyi movutikira, ndipo popanda inu malaputopu athu akalewa akanatha kalekale. Pempho langa ndi lakuti musanafufute kanthu muzimufunsa mwini ngati muli zofunika, muziyamba mwayatsa ndi fulashi n'kuona. Kupulumutsa mafayilo ndi ntchito yoyenera malipiro akeake, ndipo wophunzira amene mwamupulumutsira kafukufuku wake adzakubweretserani kalasi yonse. Ifenso popereka laputopu tizinena momveka kuti musafomate ndisanavomere, ndipo ngati n'kotheka tizikhala pomwepo.

Kwa akuluakulu a koleji, phunziro loyamba la makompyuta limene ambiri timadutsamo limatiphunzitsa kulemba kalata mu Word ndi kuwonkhetsa mu Excel. Ndi zofunika. Koma ola limodzi lokha loonetsa ophunzira mmene kompyuta imayambira, mmene diski imagawidwira ndi mmene angapulumutsire mafayilo ndi fulashi, likhoza kuchepetsa misozi imene imagwa nyengo yopereka kafukufuku. Sizifuna zipangizo zodula. Kompyuta imodzi yakale ya mu labu, yoti ophunzira aziisokoneza dala n'kuikonzanso, ndi mafulashi awiri osungidwa ku laibulale kuti azibwerekedwa ngati mabuku, n'zokwanira. Amene wakonzapo grub rescue kamodzi pa makina oyeserera sadzanjenjemera akadzaiona pa laputopu yake.

Makolo athu amagulitsa thonje, nandolo ndi mbuzi kuti tipeze makina amenewa, ndipo zimene timasungamo ndi thukuta la zaka zathu za kusukulu. Masisitimu awiri pa laputopu imodzi ndi nzeru yabwino kwa amene akuwafunadi, bola avomere udindo umene umabwera nawo: kusunga mafayilo malo awiri, kusunga fulashi yoyatsira, kusunga makiyi ake, ndi kudziwa amene amayamba kudzuka batani likadinidwa. Walira mvula walira matope. Sabata ino, laputopu yanu ikadali kuyaka bwinobwino, koperani kafukufuku wanu kwina, fufuzani batani la ndandanda ya makina anu, ndipo muone ngati BitLocker ndi yoyatsa. Tsiku limene sikirini idzade bii, wina n'kunena kuti ingoifomatani, mudzamuyankhe kuti tiyambe taona kaye.